Thewera la Zingwe

Pakhonde, mudzi wina kufupi ndi Likhubula. Mdzukulu wangofika kuchokera ku Lilongwe, ndipo Agogo akufwanthula m'chikwama chake osapempha.

AGOGO: Shuga mulibe, sopo mulibe. Nanga ichi? Thewera? Msinkhu wonsewu wayambiranso kuvala thewera?

MDZUKULU: Ndi hanesi, Agogo. Timavala m'chiuno ndi m'ntchafu, n'kumangirirapo chingwe. Ndikuphunzira kutsogolera magulu a anthu okwera matanthwe.

AGOGO: Kumwambako kuli uchi?

MDZUKULU: Kulibe.

AGOGO: Mbira? Nkhuni? Manda a makolo awo?

MDZUKULU: Kulibe chilichonse. Amangokwera, akafika n'kutsika.

AGOGO: Bambo ako anagulitsa nandolo zaka zinayi kuti iwe ukaphunzire ntchito ya anyani. Chikhala anyaniwo amabako chimanga, kuti ulendo usapite pachabe.

MDZUKULU: Anthu amachokera kunja kudzakwera phiri la Chambe lomweli. Khoma lake lakumadzuloli ndi mamita pafupifupi 1,700, limodzi mwa makoma ataliatali mu Africa muno.

AGOGO: Ukundiuza ine za Chambe? Ndatsika nawo matabwa a mkungudza pamutu, wopanda nsapato, amako asanamere mano. Njira ilipo yabwinobwino yozungulira. Munthu wanzeru akaona chitseko salowera pakhoma.

MDZUKULU: Ophunzira sitipita nawo kumeneko. Timayambira pathanthwe lalifupi. Ine ndimazungulira kaye kukamanga chingwe pamwamba, malo awiri osiyana, kuti pena pakazuka pena pagwire.

AGOGO: Mitala. Ndinawauza agogo ako aakazi zomwezo, anandithira phala.

MDZUKULU: Kenako chingwecho chimatsika mbali ziwiri. Mbali ina amamanga wokwera, ina ndimagwira ine pansi, itadutsa m'kachitsulo komwe kamachipana. Phunziro loyamba ndi kugwa.

AGOGO: Bwereza.

MDZUKULU: Kugwa. Akakwera pang'ono ndimamuuza kuti asiye mwala, akhalire chingwe, adzionere yekha kuti chamugwira.

AGOGO: Ndipo amalipira?

MDZUKULU: Amalipira.

AGOGO: Iii, ndalama zikuwola m'tauni! Kuno anthu akugwa ulere tsiku lililonse. Mnzanga uja wa kuseri kwa tchalitchi Loweruka lililonse amagwa katatu pochokera kokachasu. Mum'lembe uphunzitsi, satifiketi ali nayo pachipumi.

MDZUKULU: Si kugwa kumeneko, Agogo.

AGOGO: Kugwa kulinso ndi magiredi? Kwa a pulayimale ndi kwa a koleji?

MDZUKULU: Munthu wamantha amakakamira mwala, manja amatopa, maganizo amabalalika. Akadziwa kuti chingwe chim'gwira amadekha.

AGOGO: Ndiye iwe mphunzitsi uli pansi, wophunzira ali m'mwamba. Zili ngati mfiti yotumiza ana kumanda iyo itagona.

MDZUKULU: Ntchito yaikulu ili pansipo. Dzanja logwira chingwe silichoka, ngakhale njuchi indilume.

AGOGO: Foni ikalira?

MDZUKULU: Imakhala m'chikwama.

AGOGO: Iweyo? Amene chifikire wayang'ana kagalasiko kuposa nkhope yanga? Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Koma apa pusi adzakhala ali bwinobwino pansi, wogwa chagada ndi mwana wa eni ake.

MDZUKULU: N'chifukwa chake amatiphunzitsa kufufuzana. Munthu asananyamule phazi, ine ndimaona mfundo yake ndi lamba wake, iye amaona ngowe yanga ngati yatsekeka. Mfundoyo imaoneka ngati 8, ikalakwika imadziulula yokha. Kumapeto kwa chingwe timamanganso ina kuti chisapulumuke m'manja. Aliyense amavala chipewa cholimba, ngakhale amene wangokhala pansi, chifukwa miyala imagumuka.

AGOGO: Mwana wasukulu kufufuza mphunzitsi wake! Ife tikanatero bwenzi tilibe makutu. Koma bola. Kangowe kameneka kanganyamule ine?

MDZUKULU: Kakatsekeka bwino kamapirira matani awiri. Matumba 40 a chimanga.

AGOGO: Ndiye amalume ako asayese. Tsono tandiuza, wanzeru iwe. Uli pathanthwe ndi ana a eni asanu ndi mmodzi, kamphepo kozizira kayamba kuchokera kummwera, Chambe wavala chipewa choyera. Utani?

MDZUKULU: Ndiona zanyengo pafoni.

AGOGO: Foni ija ili m'chikwama?

MDZUKULU: Aaa, Agogo!

AGOGO: Chiperoni chimenecho. Sichitumiza uthenga. Mwala ukanyowa umaterera ngati therere, ndipo nkhungu ikatsika sungaone ngakhale chala chako. Umasonkhanitsa anthu ako, kuwawerenga ngati anapiye, n'kutsika dzuwa likadalipo. Wina adzati ndalipira, ndikufuna ndikafike pamwamba. Umuuze kuti phiri silisamuka, adzalipeza mawa. Ukuganiza anthu akale anatchula nsonga ija kuti Sapitwa chifukwa chosowa mayina?

MDZUKULU: Zobwerera msangazo aphunzitsi athu amanenanso. Nthawi yobwerera timapangana tisananyamuke.

AGOGO: Anakulipiritsa zingati?

MDZUKULU: Zambiri ndithu.

AGOGO: Ine ndikanakuuza ndi paketi imodzi ya shuga, yomweyo sunabweretse. Tandibwereka chingwecho, ndowa yagwera m'chitsime kuyambira Lachiwiri.

MDZUKULU: Ayi, Agogo, chimenechi sichigwira ntchito ina. Sichipondedwa, sichigona padzuwa, sichiyandikira asidi wa batire. Ndisanachigwiritse ndimachisisita chonse m'manja kufuna pomwe chafewa kapena kunyotsoka. Chikakalamba timachipumitsa pantchito.

AGOGO: Sichipondedwa, sichigona padzuwa, amachisisita. Ine zaka zonsezi ndani anandisisitapo? Chingwe chabwana! Chikapuma chimalandira penshoni?

MDZUKULU: Timachidula kuti wina asakwerenso nacho.

AGOGO: Usayerekeze. Chikapuma chibwere kuno kumudzi monga amachitira mabwana onse, ndowa idzachidikira. Pakadali pano vala thewera lakolo ulowe m'chitsimemo, ine ndikugwirira mwendo.