Ndiwo zongoyang'ana

Mwana wa mlongo wanga ku Kapata wayamba kampeni. Ali ndi tinsomba tiwiri ta mbuna m'kabokosi kagalasi, ndiye akufuna thanki yaikulu. Mfundo zake si zabodza ayi: mbuna za m'Nyanja ya Malawi zimakhala m'miyala, yamphongo iliyonse imalondera phanga lake, ndipo malo akachepa zimalumana zipsepse mpaka kunyenyeka. Wawauzanso atate ake kuti ku Germany anthu amagula nsomba zomwezi ndi ndalama zambiri, zitakwera ndege.

Atatewo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa: "Nanga zikakula tidzadyera nsima?"

"Iyayi atate, n'zongoyang'ana."

"Ndiye kuti ine ndizigulira chakudya ndiwo, ndiwozo zizingondiyang'ana?"

Amake za sayansi alibe nazo ntchito. Iwo akukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi akumabwera pakati pa usiku ngati mfiti. Kapampu ka mpweya kakazima, mwanayo ankapopera nsomba zake ndi pampu ya njinga, thukuta lili kamukamu. Thanki ikakula, akutero, wopopa adzakhala ndani?

Mlandu auimika kaye mpaka agogo adzabwere kuchokera ku Mtenguleni, mwambo wa Nc'wala ukatha. Pakadali pano mnyamatayo wayamba kutsuka mbale osatumidwa, zomwe zadetsa nkhawa nyumba yonse.