Ndalama zimene ndinathawitsa ku banki

Mu June 2015 ndinapita ku Kamuzu Road, ndinatapa ndalama zathu zonse ku banki, K1.4 miliyoni, n'kukazikwirira pansi m'nyumba mwathu ku Senga Bay osawauza mayi a kunyumba. Theka la ndalamazo linali thukuta lawo, la usipa umene ankayanika pathandala n'kukagulitsa ku Lilongwe. Tinkasonkhera injini ya boti kuti tileke kudalira ya eni, ndipo tinali titatsala pang'ono kukwanitsa.

Akaunti yathu inali ku Malawi Savings Bank, banki ya boma imene inachokera ku Post Office Savings Bank. Anthu wamba ambiri tinkasunga kumeneko: aphunzitsi, alimi a mpunga a ku Lifuwu, ife a m'mbali mwa nyanja. Chaka chimenecho ukangotsegula wailesi nkhani inali yomweyo. Bankiyo inali ndi ngongole za pafupifupi K6 biliyoni zimene obwereka sankabweza, mpamba wake sunkafika pa mlingo umene Reserve Bank inkafuna, ndipo boma linkafuna kuigulitsa. Nduna ya zachuma ya nthawi imeneyo, a Goodall Gondwe, ankati kugulitsa ndiyo njira. Aphungu otsutsa ndi mabungwe ena ankati chuma cha Amalawi chikupita motchipa. Onsewo ankakangana za mtengo wa banki. Ine ndinkatchera khutu kuti wina anenepo za ndalama za munthu wosunga, ndipo sindinamve.

Inali nyengo ya mwera, masiku amene maboti amakhala kumtunda, amuna n'kumataya nthawi pabawo. Mkulu wina anatikumbutsa kuti mu 2005 Reserve Bank inalanda chiphaso cha Finance Bank. "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe," anatero akusuntha nkhomo. Wina anawonjezera kuti banki ikagwa amayamba kulipira mabwana, ife a usipa timangopeza loko pachitseko. Palibe amene anali ndi umboni, koma panalibenso wotsutsa. Madzulo ndinapita kwa aphunzitsi ena opuma ntchito amene ankawerenga nyuzipepala tsiku lililonse.

"Aphunzitsi, banki ikatsekedwa, ndalama zanga andibwezera ndani?"

Anavula magalasi, nati, "Achimwene, boma silingakutayeni. Koma lamulo lonena zimenezo ine sindinalionepo."

Mawu achiwiriwo ndi amene ndinagona nawo.

Nthawi imeneyo ndalama yaikulu inali ya K1,000, ya nkhope ya Kamuzu, choncho ndinabwera ndi mitolo 14 yomanga ndi mphira. Mayi anali ku Lilongwe ndi matumba a usipa. Ndinakulunga mitoloyo m'chitenje chakale, ndinaiika m'katoni ya sopo, katoniyo m'jumbo, n'kukumba pansi pa bedi. Nditakwirira ndinazira ndi manja angawa kuti pasaoneke.

Kuyambira usiku umenewo tulo tinandithawa. Galu akauwa ndinkadzuka. Anzanga akamatsika ndi nyali kupita pamadzi ine ndinkapeza chifukwa chotsalira, lero msana, mawa chifuwa. Chilumba cha Mbenji chimatsegulidwa kwa asodzi mu April n'kutsekedwa mu December monga mwa malamulo a mfumu Makanjira, ndipo miyezi imeneyo ndi imene msodzi amapezamo ndalama za chaka. Ine nyengo yonseyo ndinaithera pakhomo, kulondera pansi pa bedi. Mayi anandifunsa kangapo, "Bambo, kodi mukudwala?" Ndinkangoti ndi kutopa.

Mu July boma linagulitsa masheya 75 pa 100 alionse a bankiyo ku FDH Financial Holdings, litadzisenzetsa lokha ngongole zoipa zija.  Chitseko sichinatsekedwe. Anzanga amene anasiya ndalama zawo ankatapa monga kale, ndipo palibe amene anataya ngakhale tambala. Apa ndi pamene ndinayenera kufukula n'kubweza. Ndinadziuza kuti ndiyambe ndaona kayendetsedwe ka eni atsopanowo, koma zoona zake n'zakuti kubweza kunkafuna kuti ndiulule kwa mayi zimene ndinachita, ndipo ndinalibe mtima umenewo.

Mu September kunagwa maliro kwathu. Ndinafukula mobisa, ndinasolola mtolo umodzi, ndinaona kuti zina zonse zili bwinobwino, mtima unakhala pansi. Pomva mapazi panja ndinakwirira mofulumira, jumbo ija osaimanga kukamwa.

Mvula inabwera. Pofika January 2016 njala inali itavuta, chimanga chikukwera mtengo sabata iliyonse. Mayi anati tikatape pang'ono ku banki tigule matumba angapo chisanakwerenso. Ndinati mawa. Mawa litafika ndinati ndasokoneza khadi. Tsiku lina m'mawa anavala, anatenga chikwama, nati tipitire limodzi. Ndinatseka chitseko, ndinakankha bedi, n'kutenga khasu iwo akuyang'ana.

Katoni munalibe, inali itasanduka dothi. Chitenje chinali mabowo okhaokha. Mphira zinali zikadali m'malo mwake, zitazungulira zibuma zofiirira, ndipo nditanyamula mtolo woyamba unathyoka pakati, chiswe choyera n'kumwazika m'zala zanga. Chinali chitaboola tinjira kuchokera m'mphepete kulowa m'kati, n'kumata dothi lofiira paliponse pamene chadutsa. Ndalama zina panangotsala ngodya, zina theka la nkhope. Za pansi penipeni zinali zitanyowa n'kumatirirana, zikununkha nkhungu.

Mayi anakhala pansi pamphasa. Sanalire, sanakuwe. Patapita nthawi anati, "Bambo, ndi zanga zomwe? Osandifunsa?"

Ndilibe yankho mpaka lero. Iwowo ndi amene anatenga lichero, n'kuyamba kumatula ndalamazo imodziimodzi ndi nsonga ya mpeni, kuziyanika m'nyumba mawindo ali otseka kuti anthu asadziwe. Ku banki anatilandirira zimene nambala zake zinkaoneka ndiponso zinali zotsala koposa theka. Zonse pamodzi sizinafike K600,000. Pamenepo n'kuti kwacha, imene mu June inali pafupifupi K450 pa dola imodzi, itadutsa K650, ndipo injini, poti ndi katundu wochokera kunja, inali itakwera nayo. Zotsalazo zinathera pa chimanga. Nkhaniyo inafika kwa ankhoswe, ndipo banja lathu linapulumuka chifukwa cha kuleza mtima kwa mayi. Injini sitinagule.

Mlandu wobisa ndi wanga, sindiukankhira kwa munthu. Koma funso limene ndinafunsa aphunzitsi aja linali loyenera, ndipo mu 2015 linalibe yankho. Dziko lino linalibe bungwe lotsimikizira wosunga kuti banki ikagwa adzalandira kanthu. Lamulo lokhazikitsa Deposit Insurance Corporation linadutsa mu 2022, ndipo bungwelo linakhazikitsidwa mu October 2023. Kagwiridwe kake n'kotere: mabanki ndi amene amasonkha ndalama ku thumba la bungweli, wosunga salipira kalikonse ndiponso safunika kulembetsa. Reserve Bank ikatseka banki, bungweli limabwezera munthu aliyense ndalama zake mpaka K3 miliyoni pa banki imodzi. Amene anali ndi zoposa pamenepo amadikira kuti katundu wa bankiyo agulitsidwe. Chikanakhalapo chitetezo chotere chaka chija, K1.4 miliyoni yathu yonse ikanakhala m'kati, ndipo khasu sindikanaligwira.

Chimene chimandipweteka n'chakuti pagombe pano ambiri sanamvepo za bungweli. Ndikawauza amandiyang'ana mokayika, poti amadziwa mbiri yanga. Alipo eni zilimira amene akusungabe ndalama m'zigubu ndi m'madenga, ndipo mphekesera imodzi yokha ingathamangitsenso anthu ku Kamuzu Road monga inandithamangitsira ine. Amayi ambiri ndalama zawo zili ku banki m'khonde, imene chitetezochi sichiikhudza n'komwe, ndipo ayenera kuuzidwa zimenezo momveka. Komanso K3 miliyoni ija inachepa mphamvu mwezi wotsatira womwewo, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Lero munthu amene akusonkhera injini amadutsa malirewo asanafike pa mtengo wake, ndiye kuti gawo la thukuta lake likadali pamtetete.

Akuluakulu a Deposit Insurance Corporation ndi a Reserve Bank, tsikirani kuno. Bwerani ku Senga Bay, ku Chikombe, ku Lifuwu ndi ku Chipoka m'mawa maboti akamakocheza, mudzalankhule m'Chichewa ndi m'Chiyao kuti banki ikagwa munthu amalandira zingati, kuchokera kwa ndani, ndipo pakapita nthawi yaitali bwanji. Ndipo malire a K3 miliyoni aja muwaunikenso kuti azikwera pamodzi ndi mitengo ya zinthu.