Zenera la malemu bambo ndi nyundo yanga

M'nyumba yomwe anatisiyira malemu bambo kuno ku Zomba muli zenera lachitsulo lomwe linali litatsekulidwa komaliza chaka cha madzi osefukira, 2015. Chitsekereni tsikulo, linakhala likukana ngati mbuzi yomwe yazindikira kuti ulendo ndi wa kumsika. Mayi akunyumba ankanena kuti tilizule tiikepo la aluminiyamu ngati aneba, ine n'kumayankha kuti chuma cha makolo satayira kudzala. Zoona zake n'zakuti ndinakafunsa mtengo wa aluminiyamuyo, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kukonda zinthu zamakedzana.

Loweruka lina ndinavala ovolosi yobwereka n'kulengeza kuti lero banja liona mmisiri. Nditapala chogwirira ndi mpeni wa kukhitchini, womwe pano sudulanso ngakhale tomato, panatulukira dzina lakuti Crittall. Mwana wanga wa kusekondale anafufuza pafoni n'kupeza kuti ndi kampani ya ku Braintree, ku England, yomwe inayamba kupanga mazenera achitsulo mu 1884. Ndinatukumuka. Ndinafotokozera aliyense kuti zenera ili linaona Zomba ali likulu la dziko, boma lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975.

"Ndiye a Crittall anuwo abwera liti kudzatitsekulira?" anafunsa mayi, osasiya kusankha nyemba.

Ndinapitiriza kupala, ndipo apa m'pamene machimo anga anayamba kuonekera limodzilimodzi. Pansi penipeni panali penti wobiriwira wa bambo, wopakidwa mwaulemu. Pamwamba pake panali wa buluu wa chaka cha ukwati wathu, woyera wa Khirisimasi yomwe apongozi anabwera, wachikasu wotsala pomwe tinkapenta kutchalitchi, ndi ena atatu omwe sindikukumbuka kuti ndinkafuna kusangalatsa nawo ndani. Nthawi zonsezo ndinkangopaka pamwamba pa dzimbiri, zenera lili chitsekere. Kunena mosabisa, ndinalimata ndekha, n'kumalinena kuti ndi lamakani.

Munthu wanzeru akanaima pomwepo. Ine ndinatenga nyundo. Kumenya koyamba, zenera phee. Kwachiwiri, galu anathawa. Kwachitatu, magalasi awiri anali pansi phwaa, koma zenera lili chitsekere.

Wowotcherera yemwe mayi anakaitana anayang'ana zenera, n'kuyang'ana ine, kenako nyundo. "Madala, chitsulochi chikadali chamoyo. Chavuta ndi mwini wake," anatero.

Anandionetsa momwe zimayambira. Putty yogwira galasi ikakalamba imauma n'kung'ambika, madzi amvula amalowa m'ming'alumo n'kukakhazikika pa chitsulo cham'munsi, ndipo mvula ya ku Zomba siipempha chilolezo. Dzimbiri likagwira limafufuma kuposa chitsulo chomwe ladya, n'kufinya galasi mpaka kuling'amba. Apa ndinatsokomola pang'ono. Mng'alu umenewo ndi womwe ndinakalipira nawo ana zaka zitatu kuti ndi mpira wawo, ndipo onse anali pomwepo, akumvetsera ngati oweruza.

Anandiuzanso kuti penti wakale nthawi zambiri amakhala ndi mtovu, choncho pomupala umayenera kunyowetsa ndi kutseka mphuno kuti usapume fumbi lake. Ine n'kuti nditalipuma m'mawa wonse, ndikuimba mluzu.

Ntchito yake inali yosachititsa phokoso ngati yanga. Anachotsa magalasi otsala, n'kudula kachigawo kam'munsi komwe kanali katafumbwa, n'kuwotchererapo katsopano. Magetsi anathima pakati pa ntchito, ndiye anadya nafe nsima ya masana ndi yamadzulo, ndipo si munthu wamanyazi pa ndiwo. Kutacha anakwecha felemu yonse ndi bulashi ya waya ndi sandipepa mpaka chitsulo chinawala, n'kupaka penti wa red oxide tsiku lomwelo chinyezi chisanabwererepo. Anadontheza oilo m'mahinjesi. Zenera linatseguka ndi chala chimodzi, chala cha mayi.

Pomaliza anaika putty yatsopano, galasi, putty inanso pamwamba, n'kuisalaza bwinobwino ndi mpeni. Lamulo linali limodzi: osaikhudza kwa sabata imodzi kapena ziwiri mpaka ichite khungu, kenako penti, wokwera pang'ono pagalasi kuti madzi asapeze polowera. Ndinalonjeza kuti ndilondera ndekha, ndipo ndinalonderadi mpaka nthawi ya mpira pawailesi.

M'mawa mwake putty yam'munsi yonse munalibe. Kuseri kwa nyumba ndinapeza chitsiriza wathu ndi anzake awiri ali kalikiliki kuumba. Panali ng'ombe zitatu, ngolo imodzi, ndi kamunthu kamimba yaikulu katanyamula nyundo.

Kamunthuko mayi anakaika pamwamba pa kabati, pamalo pomwe apongozi akakhala pampando amakaona bwino.