Ulemu kwa Bwana Wathu wa Chaka ndi Chaka

Dziko lino limapereka mamendulo kwa asilikali, oyimba ndi osewera mpira, koma ngwazi imodzi likuichedwetsa: mlendo amene amabwerera ku hotela yomweyomweyo ya kunyanja chaka chilichonse. Ku Senga Bay aliko, ku Mangochi aliko, ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay nakonso sasowa. Pa 15 Okotobala, Tsiku la Anakubala, minibasi zikamakhuthula anthu pagombe, iye amakhala atafika dzulo lake, miyendo ili pampando wachiwiri.

Munthuyu ndi wodzichepetsa. Savutitsa ofesi ndi zosungitsa malo ngati alendo wamba. Amangoimbira woperekera zakudya pakati pa usiku: "Achimwene, ndikubwera mawa. Muwauze andikonzere chipinda changa chija." Ngati m'chipindamo muli banja lomwe linalipira mwezi watha, mtsikana wolandira alendo amapeza mwayi wophunzira kupepesa, maphunziro omwe ena amalipira ndalama zambiri kukoleji.

Akangotsitsa zikwama amalunjika kukhitchini, komwe pachitseko analembapo kuti alendo asalowe. Chikwangwanicho sichimukhudza, pakuti iye si mlendo. Amavundukula mapoto, kulawa msuzi ndi chipande, kenaka kulangiza wophika amene wakhala akuotcha nsomba kuyambira ali mnyamata: "Madala, chambo musamachitembenuze kawiri. Mutuwo mundisungire, kambuzi akhale pambali." Asodzi a ku Malombe ndi kumwera kwa nyanja akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti chambo chikusowa, boma limatsekanso usodzi wa makoka kuyambira Novembala kuti nsomba ziswane. Bwanayu amatambasula manja kusonyeza kukula kwa chambo chomwe anadya pamalo pomwepa kalekale, n'kufunsa modekha kuti wabisa zikuluzikuluzo ndani. Akatswiri a mbiri yakale ali ndi mabuku. Iye ali ndi mimba yosaiwala.

Nanga kukhulupirika kwake pa ndalama! Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Banki yaikulu inafika potulutsa K5,000 yapepala. Zonsezi sizinamugwedeze. Dzanja lake likutulutsabe K200 yomwe ija ya nkhope ya Rose Chibambo, yopindidwa kanayi, n'kuiponyera m'chikhato cha mlonda mwachinsinsi ngati akupatsirana mankhwala achikondi. "Ya Fanta iyi. Anzanu asadziwe." Fantayo inakwera mtengo kalekale n'kuisiya K200 m'mbuyo, koma mlondayo amawomba m'manja ndi mtima wonse, chifukwa wasamalira galimoto mausiku anayi ndipo waitsuka kawiri.

Chikondi chake pa antchito n'chosasankha, moti sawasiyanitsa n'komwe. Mnyamata wapabala amamuitana dzina la mnzake amene anasiya ntchito n'kupita ku Joni. Mayi woyala pabedi amafunsidwa chaka ndi chaka kuti mwana uja ali sitandade chani, pamene mwanayo anakwatiwa ndipo ali ndi wake kumsana. Aliyense analonjezedwapo ntchito ku Lilongwe, aliyense anatumiza makalata ake pa WhatsApp, ndipo aliyense anaona timizere tiwiri tabuluu.

Pamavuto ndiye amaonekera bwino. Mu 2020, Covid-19 itaumitsa mahotela, antchito ambiri atabwezedwa kumudzi, iye sanakhale chete: anawatumizira zithunzi za maluwa ndi mawu akuti alimbe mtima. Mu 2024 nyanja itakwera n'kulowa m'malo ogona alendo ambiri ku Mangochi ndi ku Salima, anafika ndithu, n'kuima m'madzi ofika m'mawondo, buluku atapinda, kuwalozera anthu omwe ankanyamula matumba a mchenga pamene khoma linayenera kumangidwa. Uphunguwo anaupereka ulere. Magetsi akathima, ndi iye amene amauza wa jenereta kuti athima.

Tsiku lonyamuka limakhala la mwambo. Amaiyang'ana bilu kwa nthawi, kuvula magalasi, kupukusa mutu mwachisoni. "Asisi, mtengo uwu ndi wa alendo. Ine ndi wa pakhomo pano." Manijala amaitanidwa, amaseka, amadulako. Mlonda amalongedza m'buti usipa wouma ndi kampango zomwe wophika anakamugulira padoko m'bandakucha, ndalama ya kabaza atalipira yekha. Onse amandandalika pageti kumutsazika, ndipo chimwemwe chomwe chimaoneka pankhope zawo galimoto ikamakhota n'chenicheni.

Umboni wa ukulu wake uli mu ofesi ya manijala. Januwale asanathe, makalata opempha tchuthi cha pakati pa Okotobala amakhala ataunjikana patebulo, kuyambira wa wophika mpaka wa wosesa pamchenga, ndipo pamafunika maere kuti apeze amene atsale kudzalandira bwanayo.