Mmene Mungaperekere Bizinesi kwa Alamu Popanda Kuigulitsa

Tinene kuti mumakhala ku Texas ndipo ntchito yanu ndi yoyendera nyumba. Munthu akafuna kugula nyumba ku Dallas kapena ku Houston amaitana inu. Mumakwera padenga dzuwa likuswa mtengo, kuyesa mawaya a magetsi, kutsegula mipope yonse, kenako n'kulemba lipoti lonena ngati maziko ang'aluka ndi dothi lamakande la kumeneko. Ndalama zikulowa, koma msana wayamba kudandaula, ndipo kumudzi akufunsa ngati mudakali moyo. Basi, sainani chikalata cha power of attorney, wina azikuyendetserani zinthu inu mukudya chambo.

Posankha munthuyo musavutike n'kuganiza. Alamu alipo. Sanakhalitsepo pa ntchito iliyonse, ndiye kuti nthawi ali nayo yambiri. Loya akakufunsani ngati munthuyo amasunga malisiti, musamuyankhe. Iye sanaone mmene alamu anavinira pa ukwati wanu.

Fomu ya boma la Texas ili ndi mizere yambiri, ndipo mzere uliwonse ndi mphamvu yakeyake: za kubanki, za malo ndi nyumba, za misonkho, za milandu, za penshoni, za kayendetsedwe ka bizinesi. Anthu amantha amaika zilembo za dzina lawo pa mzere umodzi kapena iwiri, n'kulembanso tsiku limene mphamvuzo zidzathere. Kumeneko n'kunyoza alamu. Inu tsikirani pa mzere wakumapeto, wopereka zonse pakamodzi, dzanja lisatope. Tsiku lothera lisiyeni, si mkaka uwu. Sankhaninso kuti chikalatacho chizigwirabe ntchito ngakhale mutadwala mpaka mutu kusiya kuyenda bwino, chifukwa nthawi imeneyo ndi imene alamu amagwira ntchito mwaufulu, popanda wowafunsa mafunso. Mukatero pitani kwa notary. Iye amangotsimikiza kuti wasainayo ndinu; zoti munaganiza bwino sizimukhudza.

Tsopano pali kavuto kakang'ono kamene anthu ansanje amakakuza. Laisensi yoyendera nyumba imachokera ku Texas Real Estate Commission, ndipo imaperekedwa kwa munthu amene anaphunzira, kulemba mayeso n'kukhoza. Chikalata chanu chingalole alamu kusaina macheke, kulipira lendi ya ofesi ndi kukangana ndi a inshulansi, koma sichingawasandutse woyendera nyumba. Maso anu ndi laisensi yanu sizisamuka ndi siginecha. Musalole mfundo imeneyi kukusokonezerani tchuthi. Apatseni makwerero ndi tochi, muwauze kuti denga likadontha azilemba kuti mpweya ukulowa bwino. Chiswe asachitchule n'komwe, pakuti lipoti la chiswe ku Texas limafuna laisensi inanso, ya ku dipatimenti ya zaulimi, ndipo ife sitikufuna kuphwanya malamulo awiri tsiku limodzi. Wogula nyumba akadzapeza dziwe pabalaza adzasumira dzina limene lili pa lipoti. Ndi lanu, koma inu muli kunyanja. Inshulansi ya madola 100,000 imene boma limakukakamizani kukhala nayo ikadzamva kuti anakwera padenga ndi alamu, nayonso idzapita kutchuthi.

Ngati bizinesi munailembetsa ngati kampani, mapepala a kampaniyo ndi amene amanena woyenera kuisainira, ndipo chikalata chanu cha panokha chikhoza kuima pakhomo. A misonkho a IRS nawo ali ndi fomu yawoyawo, nambala 2848. Zonsezi alamu adzazitulukira okha pamzere wa kubanki, ndipo adzakuimbirani usiku pakati.

Ena amati chikalatachi chidzathandiza pogawa chuma iwo akadzamwalira. Lamulo limati mphamvuzo zimafa limodzi ndi mwini wake, koma musawauziretu alamu, angafulumire.

Mukabwerako n'kupeza galimoto ya kampani ili ndi matayala onyezimira komanso mwini watsopano, thetsani chikalatacho mwaulemu. Auzeni alamu pakamwa, pa kanyenya, nyimbo zili pamwamba. Kalata yothetsera musalembe, makope musatolere, ndipo kubanki musapiteko. Banki imene sinadziwitsidwe ili ndi ufulu wopitiriza kulemekeza siginecha ya alamu, ndipo Lolemba m'mawa iwo amalawirira kuposa inu.