Malangizo kwa bwana amene akufuna kuti mafuta a dziko asawerengeke

Bwana, zabwino zonse pa udindo watsopanowu. Akupatsani imodzi mwa maofesi oyang'anira mafuta ndi gasi, ndipo posachedwa kubwera alangizi odzakunyengererani kuti ofesi yanu izigawana ziwerengero ndi maofesi ena aboma. Alandireni bwino, amwe tiyi, koma musalonjeze kanthu. Njira imene mukufunayi ena anaiyenda kale. Ku Nigeria mafuta anapezeka mu 1956 pamudzi wa Oloibiri, ndipo zimene zachitika m'maofesi akumeneko n'zokwanira kukuphunzitsani ntchito.

Achatsopano amaganiza kuti luso lagona pa kubisa chiwerengero. Ayi ndithu. Chobisidwa anthu amachisaka, ndipo tsiku lina mtolankhani amachitulukira. Chofunika n'chakuti ofesi iliyonse ikhale ndi chiwerengero chakechake, cholembedwa mwaukhondo, chodindidwa chidindo, koma chosiyana ndi cha anzake. Taonani za sabuside ya petulo ya mu 2011. Bajeti inapatula 245 biliyoni naira. Aphungu atafunsa mu 2012 kuti kwenikweni zinapita zingati, akauntanti wamkulu wa boma anati 1.6 thiriliyoni, banki yaikulu inati 1.7 thiriliyoni, komiti ya aphunguyo itawonkhetsa yokha inapeza zoposa 2.5 thiriliyoni. Palibe amene anakana kuyankha. Aliyense anabwera ndi fayilo yake kukhwapa, ndipo aliyense anali ndi umboni. Komitiyo inapezanso kuti boma linkalipirira malita 59 miliyoni patsiku pomwe dziko linkagwiritsa ntchito pafupifupi 35 miliyoni, ndiponso kuti makampani oitanitsa mafuta anachoka pa 5 mu 2006 kufika pa 140 mu 2011. Pambuyo pake wapampando wa komitiyo, a Farouk Lawan, anamangidwa pamlandu wolandira chiphuphu cha $500,000. Mwayi wotere musaudalire, koma ukagwa, anthu amaiwala lipoti n'kumakamba za wolemba.

Samalani kwambiri malo oikapo mita. Mafuta amatuluka pachitsime, amayenda m'mapaipi kudutsa madambo a Niger Delta, n'kukafika kudoko monga Bonny kapena Forcados kumene sitima zimawanyamula. Inu yezani kudoko. Khalani ngati mwini munda amene amawerenga matumba ngolo ikafika pankhokwe, osafunsa kuti kumunda anakweza angati. Woyendetsa ngolo sadandaula naye bwana wotere. Za pachitsime, kampani yopopayo ikuuzeni yokha, inu mulembe zomwezo. Bungwe la NEITI, limene lamulo la mu 2007 linalipatsa ntchito yoyerekeza zimene makampani akuti alipira ndi zimene boma likuti lalandira, lakhala likudandaula m'malipoti ake kuti dzikolo limadziwa bwino mafuta amene limagulitsa kunja kuposa amene limapopa. Bungwe lomwelo linati pakati pa 2009 ndi 2020 inabedwa migolo yoposa 600 miliyoni, ndipo mgolo umodzi ndi malita 159. Mu Okutobala 2022 mkulu wa kampani ya boma ya mafuta ya NNPC, a Mele Kyari, anauza aphungu kuti papezeka paipi yakuba ya makilomita 4, yoloza kunyanja cha ku Forcados, imene inagwira ntchito zaka 9. Paipi yotere singakhalitse pamene wina amayerekeza mwezi ndi mwezi mafuta olowa m'paipi ndi otulukamo. Munthu ameneyo musamulembe ntchito.

Tsono pali nkhani imene muyenera kuiloweza pamtima, chifukwa ikusonyeza ubwino wa njirayi pamodzi ndi ngozi yake. Mu Seputembala 2013 mkulu wa banki yaikulu, a Lamido Sanusi, analembera Pulezidenti Goodluck Jonathan kuti NNPC sinapereke kuboma $49.8 biliyoni ya mafuta ogulitsidwa kuyambira Januwale 2012 mpaka Julayi 2013. Kalatayo itaululika, panachitika chinthu chachilendo: unduna wa zachuma, banki yaikulu, NNPC, bungwe lotolera misonkho la FIRS ndi nthambi yoyang'anira mafuta ya DPR anakhala patebulo limodzi. Apo m'pamene zinadziwika kuti ena mwa mafutawo NNPC inkawagulitsa m'malo mwa FIRS ndi DPR, chifukwa pamapangano ena makampani amalipira msonkho ndi mafuta, osati ndalama. Ndalama za mafuta amenewo zinkalowa m'maakaunti a mabungwe awiriwo. Nanga amasunga maakaunti a boma ndani? Banki yaikulu yomweyo. Mlonda wa chuma anakuwa kuti kwabedwa, pomwe gawo lina la zimene ankafunazo linali m'mabuku a nyumba yake, lolembedwa dzina lina.

Pofika Disembala, nduna ya zachuma, mayi Ngozi Okonjo-Iweala, inati zotsala zosadziwika ndi $10.8 biliyoni. A Sanusi anati 12. Mu Febuluwale 2014 anabwereranso kwa aphungu n'kunena kuti 20. Akatswiri owerengera ndalama a PwC atalembedwa ganyu, anati zoyenera kubwezedwa ndi zosachepera $1.48 biliyoni. Miyezi 19 yomweyo, mafuta omwewo, ziwerengero zisanu. Munthu wamba wa ku Kano kapena ku Port Harcourt akamva zimenezi amangogwedeza mutu n'kupitiriza zake, ndipo n'zimene mukufuna. Chiwerengero chimodzi chimatulutsa anthu mumsewu, monga anatulukira mu Januwale 2012 petulo atakwera kuchoka pa 65 kufika pa 141 naira lita imodzi. Ziwerengero zisanu zimangowatopetsa.

Koma taonani ngozi yake. Kukhala pamodzi kwa masiku ochepa kunalongosola ndalama zokwana $39 biliyoni. Akanati azikumana chotero mwezi uliwonse, kapena choipa kwambiri, akanati onse azilemba m'kaundula mmodzi amene aliyense angathe kumutsegula pakompyuta yake, zotsalazo zikanaonekera poyera chaka chisanathe, ndipo wina akanafunsidwa dzina ndi dzina. Choncho msonkhano wa maofesi onse uzichitika pokhapokha zinthu zikavuta, ndipo inu muzitumako wachiwiri kwa wachiwiri wanu, amene adzati sanapatsidwe mphamvu yoyankha. Za wolemba kalata musade nkhawa. A Sanusi anaimitsidwa ntchito pa 20 Febuluwale 2014, pa zifukwa zimene boma linati n'zokhudza kayendetsedwe ka banki.

Malamulo ochokera kumwamba nawonso aziyenda pang'onopang'ono. Mu 2009 Pulezidenti Umaru Yar'Adua analamula kuti sabuside ya palafini ithe. NNPC inapitiriza kudula ndalama ya sabusideyo pa zimene inkapereka kuboma, ndipo itafunsidwa, yankho linali lakuti lamulolo silinasindikizidwe mu Gazette ya boma. Phunziro lake n'losavuta: kalata ikafika, isungeni, koma musaiuze ofesi yoyandikana nayo kuti yafika. Mabuku anu musafulumire nawo. NNPC inakhazikitsidwa mu 1977, koma inayamba kutulutsa poyera mabuku ake ofufuzidwa mu 2020, patatha zaka 43, ndipo dzuwa silinaleke kutuluka.

Tsiku lina kudzabwera kukonzanso zinthu, sikulephera. Musakutsutse; muimirire kutsogolo pojambulitsa. Mu 2021 lamulo latsopano la mafuta linathetsa DPR n'kukhazikitsa mabungwe awiri, NUPRC yoyang'anira zopopa ndi NMDPRA yoyang'anira zoyenga, zonyamula ndi zogulitsa. Malire atsopano aliwonse ndi malo atsopano otayikirapo pepala. Pamenepo pemphani makompyuta, koma bungwe lililonse ligule pulogalamu yake kwa kontrakitala wake. Chitsime chimodzi chikhale ndi dzina lina kwa opereka ziphaso, nambala ina kwa otolera msonkho. Ena awerenge migolo, ena matani, ena malita. Ena alembe tsiku limene sitima inanyamuka, ena tsiku limene ndalama inalowa, kuti katundu wa kumapeto kwa mwezi azigwera miyezi iwiri. Wina akapempha ziwerengero, musamukanize: mutumizireni chithunzi cha pepala, chopendekeka pang'ono, kuti azikopera pamanja nambala imodziimodzi.

Zikayenda bwino mudzamva funso ngati limene mkulu wa kasitomu, a Hameed Ali, anafunsa pamaso pa aphungu mu 2022, chaka chimodzi lamulo latsopanolo litayamba: ngati dziko limagwiritsa ntchito malita pafupifupi 60 miliyoni patsiku, bwanji m'madepoti mukutuluka 98 miliyoni? Likakupezani funso lotere, nenani kuti za m'malire ndi za akasitomu, za m'madepoti ndi za bungwe latsopano lija, inu gawo lanu ndi lina. Mukatero pemphani kuti alembe kalata, idzere kwa mlembi wamkulu wa unduna.