Walira Mvula, Walira Matope: Za Buledi wa M'phulusa

Makolo athu anati walira mvula walira matope. Ankanena za munthu amene dzana amadandaula chilala, lero akutukwana poterera panjira ya kudimba. Sankadziwa kuti mwambi wawo udzawoloka nyanja n'kukapeza ganyu m'makhitchini a ku Sydney ndi Melbourne, kumene anthu ovala maepuloni oyera akulimbana ndi buledi wotchedwa damper.

Damper ndi buledi wa kutchire wa ku Australia. Anamutchukitsa ndi abusa a ng'ombe ndi nkhosa a m'zaka za m'ma 1800, amene ankayenda pa akavalo milungu ndi miyezi, kuperekeza ziweto m'madera ouma opanda sitolo, opanda msika, opanda ngakhale azakhali oti n'kupatukirako. M'thumba munkakhala ufa wa tirigu, mchere, shuga, masamba a tiyi, mwina ndi nyama yothira mchere. Yisiti kunalibe. Za uvuni musachite kufunsa. Munthu ankangosakaniza ufa, mchere ndi madzi, n'kuumba chimkate chophwatalala, n'kukankhira makala pambali, n'kuchikwirira m'phulusa lotentha. Pakapita theka la ola kapena kuposerapo ankachifukula, kuchisasa, n'kuchigogoda kunsi. Chikamveka ngati chili ndi mphako mkati, ndiye kuti chapsa. Chikamveka kuti di, di, bwezerani m'phulusa, njala idikire.

Ndipotu si azungu amene anayambitsa zimenezi. Asanafike mu 1788, eni dziko, Aaborijini, anali akupera kale njere za udzu ndi za mitengo pamphero n'kuotcha mikate m'phulusa. Miyala yoperera imene inapezeka ku Cuddie Springs, m'chigawo cha New South Wales, akatswiri ena amati ili ndi zaka pafupifupi 30,000. Mlendo anangobwera ndi tirigu wake, moto anaupeza woyaka kale.

Tsono onani munthu wa lero. Waona chithunzi pa Instagram: madzulo kutchire, moto uli ngwee, buledi wofiirira akumugamula ndi manja, nthunzi ili tolotolo. Mtima wake walira mvula. Wanyamuka, walowa m'khitchini, wayatsa uvuni wa magetsi pa madigiri 200. Watenga makapu atatu a ufa wa self-raising, uja wofufuma wokha umene Henry Jones wa ku Bristol anatulukira mu 1845, wathira kamchere, wafikisamo batala ndi nsonga za zala, wathira mkaka ndi madzi. Waumba, wadula mtanda pamwamba ndi mpeni, wayala pepala pathireyi kuti pasamatirire kanthu. Patapita mphindi 30 kapena 40, watulutsa. Wajambula kaye, chifukwa masiku ano foni ndiyo imayamba kulawa. Kenako waluma, n'kukwinya nkhope.

Akuti sakukoma ngati wa kutchire.

Akome bwanji, bambo? Zimene mwaphikazo ndi sikono yaikulu, yonenepa bwino, yoleredwa pabwino. Mwachotsa phulusa lolowa m'mano, mwachotsa utsi wolowa m'maso, mwachotsa ntchentche za kutchire kwa Australia zimene zimatera pamlomo munthu asanamalize kuyasamula. Mwachotsa chikhungwa chopserera ndi kamtima kosapsa. Koposa zonse mwachotsa njala, imene inali ndiwo yeniyeni ya damper. Munthu amene wakhala pamsana pa kavalo kuyambira mbandakucha, akumeza fumbi la ng'ombe mazanamazana, mukam'patsa ufa wootcha wopaka manyuchi a nzimbe ndi tiyi wakuda wowiritsa m'chitini, adzalumbira kuti chakudya chotere sanachilawepo chibadwire. Inu mwakhala pa sofa kuyambira m'mawa, mwadya nkhomaliro, mwaonjezera mabisiketi, ndiye mukufuna ufa ndi madzi zikuvinireni pakamwa?

Apa ndi pamene amayamba kukongoza matope. Wina athiramo tchizi, wina maolivi, wina masamba onunkhira, wina zipatso zouma, mpaka mbusa uja atadzuka kumanda sangam'zindikire buledi wake. Ena amafika pogula utsi wa m'botolo. Inde, ulipo, amagulitsa m'masitolo, mumachita kudonthezera m'chakudya. Anthu anathawa utsi, n'kumanga nyumba zopanda mafuwa, n'kupachika kudenga kabelu kolira kakangonunkhiza utsi, kenako n'kutulutsa ndalama kukagula utsi womwewo, wotsekera ndi chitsekerero. Ine pamenepa ndimavula chipewa, chifukwa amene anaganiza zogulitsa utsi ndi munthu wodziwa mitima ya anthu.

Alipo olimba mtima amene amati, chabwino, matopewo abwere. Amasonkha moto kuseri kwa nyumba. Koma dziko lawo ndi la moto wolusa. Aliyense akukumbukira mmene nkhalango zinapsera mu 2019 ndi 2020. M'nyengo yotentha pamakhala masiku amene boma limaletseratu kusonkha moto panja, ndipo wosamvera amalipira chindapusa chowawa. Tsiku lololedwa likafika, utsi umalunjika pa zovala za aneba zili pachingwe, ndipo buledi asanapse mlandu wapsa kale.

Koma tisamunamizire mbusa uja kuti ankakonda phulusa. Atangopeza mphika wachitsulo wa chivindikiro, sanachedwe: mkate mkati, makala pansi, makala pamwamba, mano apumule. Miphika yoyambayo inali yolemera ndipo inkasweka ikagwa pa kavalo, ndiye ku Bedourie, m'chigawo cha Queensland, kunabadwa mphika wina wa chitsulo chopepuka, woti ukagwa umangobinyira. Munthu ameneyu mukanam'sonyeza uvuni wa magetsi, akanakupatsani kavalo ndi chishalo chomwe. Iye ankalira buledi wa m'tauni, zidzukulu zake zikulira phulusa lake.

Mphika wa makala pansi ndi pamwamba umenewu si wachilendo kwa mayi aliyense amene anaphikapo chigumu pambaula, makala ali mbuu pa chivindikiro cha lata. Kusiyana kwake n'kwakuti mayiyo saitana anthu kudzajambula, ndipo mutamuuza kuti kunja kuno kuli anthu amene amalongedza galimoto, kulipira malo ogona m'tenti, n'kuyenda ulendo wautali kuti akaphike chimodzimodzi, angakufunseni ngati kwawoko magetsi amazima masiku onse.

Inu amene mukufunabe kuyesa kunyumba, yesani, palibe choletsa. Musakande kwambiri, chifukwa ufa ukatopa buledi amauma gwa. Ingosonkhanitsani kuti ugwirane, basi. Mudye akadali wotentha, batala akusungunuka, manyuchi akuyenderera m'zala. Musasunge wa mawa, pokhapokha ngati muli ndi tiyi wambiri woviikamo kapena mano obwereka. Ndipo mlendo akakufunsani kuti, "Achimwene, sikono imeneyi yakula chonchi bwanji?" musayambe kufotokoza za akavalo ndi za Queensland. Ingomuuzani kuti mpeni wodulira unasowa.